Mawu Amene Sanafike ku Mabenchi a Kumbuyo

Malemu amene agona patsogolo pathupa anabadwa pa 14 Ogasiti 1957, m'banja la ana asanu ndi mmodzi, iwo ali achiwiri kubadwa. Bambo awo anali kalipentala, ndipo ena mwa mabenchi akale a m'tchalitchi muno, aja olemera amene amuna awiri amavutika kunyamula, anatuluka m'manja mwawo. Mayi awo ankasoka zovala za ana pakhonde la nyumba. Onse awiri anatsogola kale.

Tisanapitirire, abanja apempha kuti chinthu chimodzi chinenedwe poyera. Dzulo, polengeza maliro ano, zinamveka kuti malemu anasiya kutsogolera nyimbo chifukwa cha matenda. Si zoona. Matenda anabwera pambuyo. Muli anthu muno, makamaka inu amene mumakhala m'mabenchi a kumbuyo, amene mpaka lero mumakhulupirira kuti malemu anakutayani. Malemu anatsikira kuli chete akufunitsitsa kuti mumve zoona zake kuchokera kutsogolo kuno. Amene anayenera kunena sananene. Choncho zinenedwa m'mbiri ino, pamalo pake, zaka zikamatsatana. Tikupempha kuti mumvetsere modekha.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1964, ndipo mu 1972 anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Kumeneko ndi kumene anayambira kutsogolera nyimbo, ndipo anayamba ngati chilango. Mphunzitsi amene ankayambitsa nyimbo pa mapemphero a m'mawa ankakonda kuyambira pamwamba kwambiri, moti pofika pakati atsikana ankangolira ngati zitseko zopanda mafuta. Tsiku lina malemu analephera kudzigwira, anaseka. Mphunzitsiyo anawalamula kuti mawa lake ayambitse okha, aone ngati n'zophweka. Anayambitsa, sukulu yonse inafika kumapeto kwa nyimbo popanda wotsamwa, ndipo mphunzitsiyo, amene anali munthu wachilungamo, anawasiyiratu ntchitoyo. Anamaliza sekondale mu 1975.

Mu 1976 anayamba maphunziro a kasungidwe ndi kaperekedwe ka mankhwala, ndipo mu 1978 analembedwa ntchito pa windo loperekera mankhwala pa chipatala chachikulu. Anakhala pa windo limenelo mpaka anapuma mu 2014. Linali windo laling'ono la zitsulo, lokhala ndi kathabwa kamene kanasalala ndi zigongono za odwala. Pamenepo anaphunzira chinthu chimene anachitengera ku tchalitchi. Ankati munthu wamkulu sanena kuti sadziwa kuwerenga, amati waiwala magalasi. Choncho iwo sankafunsa aliyense ngati amawerenga. Kaya wabwera wovala tayi, kaya wopanda nsapato, ankamuuza pakamwa kamwedwe ka mankhwala ake, n'kumupempha kuti anene zimene wamva. Mzere unkatalika, akuluakulu a chipatala ankadandaula, koma iwo sanasinthe.

Pa windo lomwelo anakumana ndi bambo amene anadzakhala amuna awo, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito yoyeza malo. Bambowo anabwera ndi chifuwa, analandira mankhwala, n'kumabwereranso kudzafunsa ngati amwe asanadye kapena atadya. Pomaliza malemu anawauza kuti munthu woyeza minda ya anthu sangalephere kuyeza supuni, ndipo ngati pali nkhani ina anene msanga, anthu akudikira. Anamanga ukwati pa 7 Novembala 1981 m'tchalitchi muno. Mulungu anawapatsa ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi.

Sitinena kuti anali munthu wofewa, chifukwa ana awo ali pano ndipo angatitsutse. Anali ndi pakamwa pofulumira, ndipo kupepesa kunkawatengera nthawi. Koma pabalaza pawo panagona ana ambiri a abale mpaka kumaliza sukulu, ndipo palibe amene anagona ndi njala kapena kupita m'kalasi ndi malaya osasita. Ankasita akuimba, ankatsuka mbale akuimba, ndipo mwana akaimba molakwika kubafa ankamukonza ali kukhitchini.

Analowa kwaya ya mpingo uno mu 1983. Mu 1988, atamwalira mkulu amene ankatsogolera nyimbo, mpingo unasankha iwo. Achinyamata ambiri muno simunaone bwino ntchito imene ankagwira, choncho tiifotokoza. Mabuku a nyimbo anali ochepa, ndipo ngakhale akanakhala ambiri, si onse akanawagwiritsa ntchito. Ndiye malemu ankachita chimene timati kupereka mawu. Mpingo ukamamaliza mzere umodzi wa nyimbo, pa kanthawi kaja anthu akukoka mpweya, iwo ankanena mofulumira ndi momveka mawu a mzere wotsatira. Wosadziwa kuwerenga, wa maso ofooka, mlendo, mayi wonyamula mwana amene alibe dzanja logwirira buku, onse ankalandira mawu m'khutu n'kuimba ndime zonse. Mipingo yambiri inasiya kalekale njira imeneyi. Iwo anakana kuisiya, chifukwa anthu amene ankawaona pa windo mkati mwa sabata ndi omwewo ankawaona m'mabenchi Lamulungu.

Malemu sanalembe malamulo, koma aliyense amene anadutsa m'manja mwawo amawadziwa. Ankati nyimbo ya m'tchalitchi si ya kwaya ndiponso si ya wotsogolera, ndi ya mpingo, ndipo kwaya ikamveka bwino mpingo uli chete, kwayayo yalephera. Poyambitsa nyimbo sankayang'ana atsikana a mawu okwera. Ankayang'ana madala amene kukhosi kudakali kolemera ndi tulo, n'kuyambira pamene iwowo angafike. Loweruka ankapita kwa mlaliki kukafunsa uthenga wa mawa lake, kuti nyimbo isalowere kwina ulaliki ukulowera kwina. Nyimbo yatsopano ankailowetsa imodzi yokha, pakati pa zodziwika, n'kuisiya iyende masabata angapo mpaka ana ayambe kuiimba panjira. Kolasi ikabwerezedwa mpaka okalamba kuyamba kufufuza pokhala, ankakweza dzanja n'kuidula, amvekere Mulungu anamva koyamba kuja.

Wotsogolera wotsinzina sankagwirizana naye. Mtsikana wina atawauza kuti amatsinzina chifukwa wadzazidwa, anamuyankha kuti: "Ukadzazidwire kwanu, mwanawe. Pano uli pa ntchito, yang'ana anthu ako ngati akuimba." Sankalolanso wotsogolera kulalikira pakati pa nyimbo, ankati ulaliki uli ndi mwini wake. Anthu awiri a m'kwaya akakangana, ankawakhazika pansi onse mpaka ayanjane, chifukwa ankati simungagwirizane mawu mitima itapatsana msana. Pophunzira nyimbo ankaimitsa kwaya kawirikawiri, moti a kwaya anawapatsa dzina lakuti Mayi Bwerezani. Ankalidziwa dzinalo, ndipo sankadana nalo.

Pa zaka zonsezi anali ndi mnzawo wapamtima, mayi amene ankachapa nsalu za odwala pa chipatala chomwecho. Mpingo wonse unkawatcha a Alito chifukwa ankaimba alito, mawu aja otsika a amayi. A Alito sanapondeko m'kalasi. Ankakhala pa benchi lomaliza, pafupi ndi khomo, ndipo mawu awo anali aakulu moti ankanyamula theka la tchalitchi. Malemu ankakoka kutsogolo, a Alito akukankha kumbuyo, nyimbo n'kumayenda. Awiriwa ankaitanana kuti achemwali. Ana a malemu atabadwa, woyamba kuwanyamula anali a Alito. Amuna a a Alito atamwalira, malemu anakagona kumeneko mwezi wathunthu.

Pasapezeke wonena kuti malemu ankadana ndi zinthu zatsopano. Mu 2016, pamene mpingo unkakambirana zogula kiyibodi ndi zokuzira mawu, iwo anali m'gulu la ovomereza. Anangopempha kuti pa nyimbo iliyonse ndime imodzi iziimbidwa popanda zida, kuti wotsogolera amve ngati anthu akuimbadi. Mu 2019, pamene gulu la matamando linakhazikitsidwa ndipo mawu a nyimbo anayamba kuonetsedwa pa khoma, anayamikira, n'kunena kuti khomalo lithandiza owerenga, iwo apitiriza kuthandiza otsalawo. Ambiri a m'gulu la matamando anawaphunzitsa okha kupuma poimba. Ankaima nawo limodzi kutsogolo kuno, maikolofoni m'manja, akupereka mawu monga kale.

Mu 2021 mpingo unayamba kuulutsa mapemphero pa intaneti. Anthu ena oonera kutali anayamba kudandaula kuti pali mayi amene amalankhula pakati pa nyimbo, akuwononga kukoma kwake. Kumayambiriro kwa 2022 komiti ya mapemphero inakumana, malemu osaitanidwa, ndipo inagwirizana kuti kupereka mawu kuthe. Mpaka pamenepo abanja alibe mlandu ndi munthu. Komiti ili ndi mphamvu yosintha zinthu, ngakhale itasintha molakwika. Chimene chinafunika n'chakuti munthu mmodzi apite kwa malemu akawauze. Akanakalipa, inde, mwina akanakalipa mwezi wonse. Koma mwa amuna ndi akazi onse amene anakhala pa msonkhanowo, sanapezeke ngakhale mmodzi wolimba mtima kuyang'ana mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi m'maso.

Chimene anachita ndi ichi. Kutsogolo kuno kuli kasipika kakang'ono kamene kamaikidwa pansi, pamapazi pa woimba, koyang'ana iyeyo, kuti azidzimva. Bambo amene amayendetsa makina a zokuzira mawu anauzidwa kuti mawu a malemu aziwatumiza m'kasipika kameneko mokha, osati m'masipika akuluakulu opita kwa anthu. Malemu ankalankhula, n'kudzimva bwinobwino, n'kumakhulupirira kuti tchalitchi chonse chikuwamva. A m'mabenchi oyambirira, kuphatikizapo amuna awo, ankawamvanso chifukwa anali pafupi. Kuyambira pakati mpaka kukhomo, sikunkafika kanthu. Ndipo Lamulungu loyamba la zimenezi kunalengezedwa kuti tsopano mawu onse a nyimbo aziwerengedwa pa khoma. A kumbuyo anamva chilengezocho, anaona malemu ataima kutsogolo pamodzi ndi achinyamata, anadikira mawu, mawu sanabwere. Anaganiza chimene aliyense akanaganiza, kuti Mayi Bwerezani avomereza ndipo apita ndi ophunzira anzawo.

Malemu ankayang'ana anthu awo monga ankaphunzitsira ena, ndipo anaona milomo yotseka. Poyamba anadziimba mlandu okha. Anatsitsa poyambira nyimbo. Anabwerera ku nyimbo zakale zimene aliyense amazidziwa, ndipo ndime yoyamba inkayenda, yachiwiri n'kufa. Anayamba kutchula mawu mokokomeza ngati akulankhula ndi mwana. Kunyumba ankafunsa amuna awo ngati lilime lawo layamba kulemera, amuna awo n'kumati ayi, akumveka bwino, chifukwa pamene ankakhala ankamvekadi bwino. Ataona kuti zonse achita koma a kumbuyo adakali duu, mtima unawawa, ndipo unawawira anthu olakwika.

Mu Juni 2022, mapemphero atatha, malemu anatsata a Alito pa masitepe a khomo lalikulu, anthu akutuluka. Mawu amene ananena anatiuza okha, ndipo anatilamula kuti tisawakongoletse. Anati: "Achemwali, ine kukhosi kukuuma kukupatsani mawu, inu mwangoti pakamwa tseke ngati mwabwera kudzaonerera mpira. Ngati mwatopa naye Mulungu, nenani." A Alito, amene kwa miyezi anakhala akuyang'ana khoma lodzaza zilembo zimene sakanatha kuwerenga, anamva ngati akunyozedwa pagulu ndi munthu yekhayo amene ankadziwa chinsinsi chawo. Sanakangane. Anakonza mpango wawo n'kunena kuti: "Zikomo, mayi." Pa zaka zonse za ubwenzi wawo anali asanawatchulepo kuti mayi. Anatsika masitepe, ndipo sanapondenso m'tchalitchi muno.

Pa masitepe amenewo tsiku limenelo panali anthu a m'komiti. Anamva mawu onse. Ankadziwa chimene malemu sankadziwa, ankadziwanso chimene a Alito sankadziwa. Chiganizo chimodzi chikanathetsa nkhani pomwepo. Anapatsana moni, n'kupita kukadya.

Malemu anadikira kuti a Alito abwere, a Alito anadikira kuti malemu apite. Lamulo lija lokhazika pansi okangana malemu sanalitsate pa iwo eni, ndipo zimenezi anavomereza. A Alito anadwala mwadzidzidzi n'kumwalira mu Disembala 2022, awiriwa asanalankhulane. Malemu atafika pa maliro, ana a a Alito anawapempha mwaulemu kuti asatsogolere nyimbo. Anakhala panja pa mpanda, pa mwala, mpaka mwambo unatha. Lamulungu lotsatira anaimanso kutsogolo kuno, anapatsidwa maikolofoni ndi manja awiri, n'kupereka mawu kwa kasipika ka pamapazi pawo.

Zinadziwika mu Epulo 2023, ndipo sikuti wina anaulula. Malemu anadwala chimfine, mawu anatsekeka. Anapereka maikolofoni yawo kwa mayi wina wa m'kwaya amene anamuphunzitsa okha kupereka mawu, iwo n'kukakhala pa benchi lomaliza kuti asatsokomolere anthu. Nyimbo inayamba. Mzere woyamba unatha, mawu sanabwere. Anayang'anitsitsa, anaona mayi uja akulankhula pa nthawi yake yeniyeni, koma kunalibe chomveka. Anagwira mkono wa bambo amene anakhala pambali pawo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, n'kufunsa monong'ona ngati akumumva mayiyo. Adalaivala anayankha kuti: "Timve chiyani, mayi? Zija munatisiyitsa chaka chatha."

Malemu anaimirira nyimbo ili mkati. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi kulowera kutsogolo, khutu litatcheredwa, mpaka anafika pamene mawu a mayi uja ankayambira kumveka. Panali pafupi ndi mabenchi a akulu a mpingo. Anaima pamenepo, anayang'ana kasipika kaja, anayang'ana bambo wa makina, ndipo bamboyo anaweramitsa mutu. Sanaimitse mapemphero. Anadikira dalitso lomaliza, anapita kunyumba, anakhala pampando wa kukhitchini osavula nsapato. Mawu oyamba amene ananena kwa amuna awo anali akuti: "Bambo ake, ndiye kuti achemwali aja sanandimve." Sabata yomweyo bambo wa makina anabwera kunyumba masana, anafotokoza zonse, anatchula amene anamutuma. Abanja satchula maina pano. Eni ake akudzidziwa, ndipo ena akhala m'mipando yabwino lero.

Malemu sanapemphe kuti wina achotsedwe pa udindo. Sanapemphe kubwezeredwa m'masipika akuluakulu. Anapempha chinthu chimodzi, kuti amene anachita zimenezi aime kutsogolo kuno Lamulungu, auze mpingo kuti malemu sanasiye kupereka mawu, anachita kutsekeredwa osadziwa. Anauzidwa kuti nkhaniyo ikambidwa. Kenako anauzidwa kuti abusa ali pa ulendo. Kenako anauzidwa kuti inali nkhani ya mawaya chabe. Kenako anauzidwa kuti chilengezo chotere chingagawanitse mpingo, ndipo Mkhristu wokhwima amakhululuka. Pomaliza kunabwera nthumwi kudzanena kuti mpingo ukukonza mwambo wowathokoza, ndipo kudzakhala mphatso ya nsalu. Malemu anayankha kuti: "Nsalu ndili nazo, zina sindinasokebe. Ine ndikufuna mizere iwiri ya chilengezo. Mumalengeza ambulera yotayika, ichi chakukanikani pati?"

Anayesa kufotokoza okha, khomo ndi khomo. Ena munawakhulupirira. Ena munati akudziyeretsa poti zinthu zawaipira, ndipo sitikukudzudzulani, chifukwa kutsogolo kunali zii. Ana a a Alito anawalandirira pa geti, anamvetsera, anathokoza, koma geti silinatseguke. Malemu ankati mawu a woimbidwa mlandu samuyeretsa, pafunika pakamwa pa amene anachita.

Mu Meyi 2023 anatula pansi udindo wotsogolera nyimbo, atautumikira kuyambira 1988. Anatula ali bwinobwino, akuyenda okha, akunyamula okha madzi. Anasamukira pa benchi lomaliza, ndipo amuna awo anasamuka nawo. Kumeneko ankapereka mawu motsitsa kwa amene akhala nawo pafupi, ndipo mabenchi awiri kapena atatu anayambanso kuimba. Sipanapite nthawi, kunatumidwa mmodzi wa olandira alendo kudzawanong'oneza kuti akusokoneza mapemphero. Apanso amene anatuma sanabwere okha.

Matenda anayamba mu Novembala 2023. Ankabanika akakwera masitepe, miyendo inkatupa. Madokotala anapeza kuti ndi mtima. M'chaka cha 2024 anagonekedwa kangapo m'chipatala chomwe anagwiramo ntchito, ndipo anamwino ena amene anawapeza ali atsikana anawasamalira ngati mayi awo. Abanja sakunena kuti komiti inawadwalitsa. Mtima umadwala pawokha. Chimene akunena n'chakuti malemu anadwala atasenza katundu amene akanatulidwa ndi mizere iwiri. Akulu a mpingo anabwera kudzawaona, ndipo tikuyamikira. Anapemphera mapemphero aatali. Atati ameni, malemu anafunsa za chilengezo chija. Anayankhidwa kuti: "Muyambe mwachira, mayi."

M'masabata omaliza, ena a inu a kumbuyo munkabwera nthawi yoona odwala kudzawaimbira, adalaivala ali patsogolo. Munkayamba bwino, pofika ndime yachiwiri n'kumangong'ung'udza. Malemu analibenso mpweya wopereka mawu, choncho anapatsa amuna awo buku. Amuna awo si oimba, ndipo banja lonse lingachitire umboni. Tsiku loyamba anawerenga mochedwa, anthu atayamba kale mzere. Malemu anachotsa chopumira kumaso n'kunena kuti: "Bambo ake, mukuwerenga ngati chidziwitso cha kudula madzi. Apatseni mawu akadali kukoka mpweya, osati atamira kale. Ndipo chotsani mphuno m'bukumo, ayang'aneni." Anawaphunzitsa tsiku ndi tsiku, wodi yonse ikuseka, mpaka tsiku lina nyimbo inafika kumapeto ndime zonse, odwala a m'mabedi ena akuimba nawo. Malemu anangoti: "Mwayeserako." Kwa amene mumawadziwa, amenewo anali mayamiko aakulu.

Anatisiya m'mawa wa pa 3 Malichi 2025, amuna awo ndi mwana wawo woyamba ali pambali pa bedi.

Tsopano chilengezo chija, popeza palibe wina wachinena. Inu a m'mabenchi a kumbuyo, malemu sanakusiyeni. Lamulungu lililonse, kuyambira tsiku limene munasiya kuwamva mpaka tsiku limene anabwera kudzakhala pakati panu, anapereka mzere uliwonse wa nyimbo iliyonse, akuyang'ana inu. Mawuwo anatsekedwa panjira ndi anthu amene ankawapatsa moni wa manja awiri. Ngati kumbuyoko wina sanamve bwino, akweze dzanja tinenenso.

Kwa ana a malemu a Alito, amene takuonani mwaima pafupi ndi khomo, malemu anasiya uthenga uwu. Zimene komiti inachita ndi za komiti. Koma mawu a pa masitepe aja anatuluka pakamwa pawo, ndipo kusapita kukapepesa mayi anu adakali moyo kunali kuuma mtima kwawo. Sanafune kuti zimenezo zikankhiridwe kwa munthu wina. Anapempha kuti muwakhululukire ngati mungathe, ndipo ngati simungathe lero, anati akumvetsa.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, apongozi atatu, zidzukulu zisanu ndi zinayi, mchemwali wawo mmodzi ndi mlongo wawo mmodzi. Asiyanso anthu ambiri amene anaphunzira kuimba pamaso pawo, ena ali m'mipingo ina, ena ali m'gulu la matamando la mpingo uno, ndipo abanja alibe nawo chifukwa achinyamatawo.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira. Tikuthokoza anansi amene akhala akuphika, kutunga madzi ndi kulandira alendo chiyambire tsiku la zovutali. Tikuthokoza anzawo akale a pa windo la mankhwala, amene abwera ambiri. Tikuthokoza adalaivala ndi onse amene munkabwera kuchipatala kudzaimba. Tikuthokoza bambo wa makina, chifukwa mwa onse okhudzidwa ndi iye yekha amene anagogoda pakhomo pathu n'kunena zoona. Akulu a mpingo tikuwathokoza chifukwa cha tenti, mipando ndi galimoto. Kalata yoyamikira utumiki wa malemu imene komiti inakonza kuti iwerengedwe pano, abanja apempha kuti isawerengedwe.

Nyimbo yotulutsira thupi iimbidwa popanda zida ndiponso popanda maikolofoni. Amuna a malemu apita kukaima kumbuyo, ndipo apereka mawu ali komweko. Adzachitanso chimodzimodzi Lamulungu likubwerali ndi ena onse otsatira, pa benchi lomaliza, malinga Mulungu akawapatsa mpweya. Mawu awo si okoma, koma amamveka. Ngati komiti iona kuti akusokoneza mapemphero, isatume munthu. Ibwere yokha, idzawauze pamaso.

Amayi, ntchito munagwira, ndipo anthu anu amva. Mulungu amene munamuimbira akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere.